Kodi gitala ingalire ngati kiyibodi? Thandizeni

Lead wa Kapata: Akuluakulu nonse pagulu pano, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto. Mtsikana amene amatilizira kiyibodi ku chalichi kwathu wapeza malo a sukulu ku Lusaka, ndipo kiyibodiyo inali ya kwawo, yapita naye. Tatsala gitala, bass ndi ng'oma. Nyimbo zothamanga tikukwanitsa, koma ikafika nthawi yolambira, abusa akupemphera, pamene pafunika kamawu kaja kofewa kosaduka, pamangokhala zii. Pa YouTube ndinaona munthu akuliza gitala koma ikutulutsa organ ndi violin. Zitheka ndi gitala wamba? Yanga ndi Strat ya ku China, ndipo ndili ndi Zoom G1X Four, kabokosi kosintha mawu a gitala.

Mayi wa Kwaya: Mwana wanga, bwanji osangouza akulu a mpingo kuti musonkhe mugule Yamaha PSR ya pa salaula? Pa mpingo sipalephera kupezeka mwana woti aphunzire. Gitala ndi gitala. Kuikakamiza kukhala organ n'kudzipatsa ntchito chabe.

Lead wa Kapata: Amayi, nkhaniyo ndinaipereka kale. Anati ndalama zonse chaka chino zikupita ku malata. Kufikira denga lithe, ndine ndekha.

Amdala a ku Katete: Mphwanga, usathamangire kugula kanthu. Kabokosi uli nakoko kakwana poyambira. Ndikufunse, n'chiyani chimachititsa munthu kudziwa kuti iyi ndi gitala ngakhale ali kuseri kwa chipupa? Ndi kamawu koyamba kaja, "twa", pamene pick yamenya nsambo, kenaka mawu n'kumazilala. Organ sichita choncho, mawu ake amabwera n'kukhala. Ndiye iwe ubise "twa" uja, utalikitsenso mchira wa mawu.

Chita tere. Switch uiike pa pickup (kotola mawu a nsambo) ya kukhosi, yapafupi ndi mafreti. Tone uibweze mpaka pa 3 kapena kutsikirapo. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanja ukakolowetse pa volume. Strat ndi yabwino pamenepa chifukwa volume yake ili pafupi ndi nsambo. Tseka volume, menya chord muli zii, ndiye uzitsegula pang'onopang'ono ndi kachalako. Komanso Zoom yako ili ndi chopondapo, ungachite ndi phazi manja n'kumasuka. Pambuyo pake ika chorus pang'ono, delay ya pafupifupi theka la sekondi yobwereza kangapo, ndi reverb yaitali ya hall. Chord yatsopano izilowa yakale isanathe. Akumbuyo adzayamba kusuzumira kufuna kuona pamene mwabisa kiyibodi.

Bass ya Petauke: Kuwonjezera pa za amdala, mu Zoom muli effect yolembedwa SlowATTCK imene imachita yokha ntchito ya kachala kaja. Ngati mwanu simuoneka, imalowetsedwa pa kompyuta ndi Guitar Lab. Si nzeru yatsopano, a Boss anali nayo kale mu 1979 pa dzina la Slow Gear. Koma imafuna kampata pakati pa noti ndi noti. Mukakwapula mothamanga imasokonezeka, ina imabisa ina imasiya.

Lead wa Kapata: Amdala, mwandipulumutsa! Ndayesa pompano ndi ma headphone, zikumveka ndithu. Effect zisanu zimene Zoom imalola nthawi imodzi zakwana ndendende. Manje nanga mawu aja akuthwa a synth (makina opanga mawu ndi magetsi) amene amatsogolera nyimbo zovina, aja olira "wiii wiii"?

Wokonza Maampu: Amenewo njira yake ndi ina. Synth zakale za analogue zimayamba ndi mawu amodzi osavuta, ena amatchedwa sawtooth ena square, kenaka filter imawasema. Gitala ikadutsa mu fuzz, funde la mawu limadulidwa pamwamba ndi pansi mpaka kutsala pang'ono kukhala square. Ndiye mwafika kale theka la ulendo. Ikani octave yotsika patsogolo, fuzz pambuyo pake, kenaka auto-wah kapena filter, delay kumapeto. Octave ikhale yoyamba chifukwa imafuna kumva gitala yoyera. Mukaipatsa mawu amene fuzz yaipitsa kale imalumphalumpha. Ndipo lizani noti imodziimodzi. Noti ziwiri zikalowa mu fuzz pamodzi zimamenyana n'kubala phokoso lina lomwe simunalize.

Amdala a ku Katete: Hehe, fuzz ana inu mukuiyesa yachilendo. Magulu a Zamrock a m'ma 1970, a WITCH ndi a Ngozi Family, amaiponda inu musanabadwe. Kungoti ife sitinaitche synth.

Studio Lundazi: Zonsezi n'zabwino koma ndi zongoyerekeza, akulu. Ngati mufuna piano yeniyeni, malipenga enieni, njira ndi MIDI. Gitala imangouza makina kuti "ndaliza C, mwamphamvu chonchi, kwa nthawi yaitali chonchi", mawu n'kuchokera mu synth. Ine ndimasewenzetsa pulogalamu ya MIDI Guitar ya a Jam Origin pa laputopu. Sifuna pickup yapadera, chingwe cha gitala chimalowa mu audio interface, kabokosi kolumikiza gitala ku kompyuta, yanga ndi Behringer yotchipa. Synth zaulere zilipo, Vital, Surge XT ndi Dexed. Dexed imatsanzira Yamaha DX7 ya mu 1983, mwini wake wa electric piano ija yonyezimira imene timaimva m'nyimbo zauzimu zambirimbiri.

Bass ya Petauke: Imeneyo ndinaiyesa pa bass kwa mnzanga, ine ayi. Ndimenya waya, mawu akubwera woimba ng'oma atadutsa kale. Unachita kuoneka ngati waledzera.

Studio Lundazi: Buffer yanu inali pa zingati?

Bass ya Petauke: Kaya, sindinayang'ane.

Wokonza Maampu: Apa pali kuchedwa kwa mitundu iwiri, tisakusakanize. Kwina ndi kwa kompyuta, kumene a Studio akufunsa. Buffer ndi mulu wa mawu umene kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanaugwirire ntchito, ndipo pa 44.1 kHz, buffer ya 512 imadya pafupifupi ma millisecond 12 (sekondi imodzi ili ndi 1000) polowa pokha, potuluka idyanso. Mukaitsitsa pa 128 imagwa pa 3. Pa Windows pafunikanso driver ya ASIO, kapulogalamu kochepetsa kuchedwaku, apo ayi palibe chimene mungachite. Kumeneko kumakonzeka.

Kwinaku sikukonzeka ndi ndalama, chifukwa n'chilengedwe cha waya. Makina sangatchule dzina la noti asanaimve ikugwedezeka kamodzi kathunthu, ndipo kawirikawiri amafuna kopitirira kamodzi kuti atsimikize. Waya wamng'ono wa gitala, E wam'mwamba, amagwedezeka ka 330 pa sekondi, ndiye kamodzi ndi ma millisecond 3. E wamkulu amagwedezeka ka 82, kamodzi ndi 12. E wa bass yanu, akulu a ku Petauke, ndi ka 41 chabe, kamodzi ndi 24. Muwirikize kawiri, muwonjezepo za kompyuta, mwaona chifukwa chake munaoneka oledzera.

Kuti mumve kukula kwake, mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Ma millisecond 10 ndi chimodzimodzi kuima mamita atatu ndi theka kuchokera pa sipika, zimene aliyense amachita pa siteji osadandaula. Koma zikafika pa 40 kapena 50, dzanja ndi khutu zimayamba kukangana.

Studio Lundazi: Ndipo mankhwala ake ndi osavuta. Lizani m'mwamba, pa mawaya ang'onoang'ono, ndiye mu synth mutsitse ndi octave imodzi kapena ziwiri. Bass ya synth ine ndimailiza pa waya wa B ndi G wa gitala. Pa mawu ofewa olowa pang'onopang'ono aja a Lead akufuna, kuchedwa sikumveka n'komwe.

Lead wa Kapata: Koma kunyamula laputopu ku chalichi Sande iliyonse, pa njinga, ndi fumbi la kuno? Ndiponso ndilibe.

Amdala a ku Katete: Pali njira ya a Roland yopanda laputopu, ndipo ndi akale pa ntchitoyi, GR-500 yawo inatuluka mu 1977. Ndinagwirapo GR-55 ya mnzanga ku Lusaka. Pa gitala amamatapo pickup yopyapyala ya GK-3 pafupi ndi bridge. Mkati mwake muli timapickup tisanu ndi kamodzi, nsambo iliyonse ndi kake, ndiye makina sasokoneza kuti noti iyi yachokera kuti. Imakhala pafupi kwambiri ndi nsambo, ngati millimita imodzi ukakanikiza pa freti yomaliza, ndipo nsambo iliyonse umaitchera mphamvu yake payokha. Ikatcheredwa bwino, chitoliro chake ndi saxophone zimakoma zedi.

Koma ndikuchenjezeni. MIDI ili ngati mwana wamng'ono pakhomo, chilichonse chimene wamva amakaulula kwa alendo. Chala chikakhudza nsambo yoyandikana, pa gitala wamba palibe amamva, koma pamenepo lipenga limalira "pii" pakati pa pemphero. Ukanyamula chala mosasamala, noti ina. Nsambo ikakhudza freti n'kumalira "zzz", noti zitatu. Mnzangayo amamanga kalabala ka tsitsi ka akazi ake kukhosi kwa gitala, pafupi ndi nut, kuti nsambo zosagwidwa zikhale chete.

Wokonza Maampu: Ndipo chingwe chake ndi cha mapini 13. Chikaduka Loweruka madzulo musayembekeze kuchipeza ku Down Shops kapena ku Saturday Market. Ndinalumikizapo chimodzi powotcherera ndi solder, timawaya tonse 13 m'kamutu kang'onong'ono, maso anachita kuwawa. Zatsopano zawo za mu 2023, GK-5 ndi GM-800, zinasiya chingwe chimenecho n'kutenga cha TRS, koma pamenepo mukugula zinthu ziwiri zodula nthawi imodzi. Ndalama imeneyo amayi a kwaya akugulirani kiyibodi, chenji n'kutsala.

Mayi wa Kwaya: Mwamva? Si ine ndanena.

Mlongo wa ku Mchini: Ndalowa mochedwa, pepani. Pakati pa Zoom ndi GR-55 pali njira ina imene simunaitchule. Ine ndili ndi Boss SY-1, achimwene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndi kapedo kakang'ono ngati DS-1, kanatuluka mu 2019, chingwe wamba cholowa ndi chotuluka, basi. Sikasandutsa noti kukhala MIDI, kamangosema mawu a gitala yomweyo, ndiye za kuchedwa zimene akamba a Maampu ine sindizimva, ndipo ma chord kamalandira. Muli mawu 121, magulu 11 ndipo gulu lililonse 11: lead, pad (kamawu kofewa kosaduka kaja), bass, strings, organ, bell ndi ena.

Chilungamo chake, ambiri mwa mawuwo ndi a m'mafilimu a zam'mlengalenga, mukawaliza mu chalichi agogo athawa. Ine ndimakhalira atatu kapena anayi. Chimene ndimakakondera ndi hold. Ndimaliza chord, ndiponda osachotsa phazi, pad imangopitirira yokha pansi, ine n'kumaliza gitala yoyera pamwamba pake. Pa pemphero lalitali zimathandiza kwambiri. Choipa chake sikasunga mawu. Nyimbo ikasintha uyenera kuwerama n'kupotokola timabatani, mu mdima, anthu akudikira. SY-200 ndiyo imasunga, mpaka 128.

Lead wa Kapata: Alongo, piano imatulukamo?

Mlongo wa ku Mchini: Ayi, piano musayembekezere. Organ yake ndi yapakatikati. Ngati mtima wanu uli pa organ, yang'anani B9 ya Electro-Harmonix, ili ndi mitundu 9 ya organ yokhayokha. Alinso ndi KEY9 ya electric piano, imene muli ngakhale mawu a marimba ndi steel drum, ndi MEL9 ya ma violin, chitoliro ndi kwaya. Koma iliyonse ndi bokosi lake ndi mtengo wake.

China, musailowetse mu kaampu ka gitala n'kuyamba kuinyoza. Sipika ya gitala imadula mawu am'mwamba, kuyambira cha m'ma 5 kHz, ndipo apansi penipeni siwakwanitsa. Pad imamveka ngati ili m'chidebe. Ipititseni ku mikisa kudzera pa DI, kabokosi kolumikiza chida choimbira ku mikisa, mumve kusiyana.

Mayi wa Kwaya: Chabwino, ndamva kuti zitheka. Koma tsono ndikambeko monga munthu woima kutsogolo kwa oimba, chifukwa mabokosi anuwo ine sindiwadziwa, ndimadziwa chimene chimafika m'khutu. Tinali ndi mnyamata wina wa gitala pa msonkhano wa makwaya, anabwera ndi mawu oterewa. Poyamba tonse tinati eee, zakumwamba. Titayamba kuimba, a alto anasochera. Chifukwa chake n'chakuti chord yakale inali ikulirabe m'mchira muja mukuutamawu, ife tasamukira kale pa ina. G ndi D zikulira pamodzi, woimba atsamire pati? Wa kiyibodi akanyamula dzanja mawu amatha pomwepo. Ndiponso mnyamatayo amakwapula mawaya onse asanu ndi limodzi monga amachitira pa makorasi, mawu n'kudzaza nyumba yonse, osasiyako malo a anthu. Wa kiyibodi wodziwa amagwira noti zitatu, n'kukhala phee, chala chimodzi chokha n'kumasuntha. Mukafuna kutenga malo ake, tengani ndi khalidwe lake lomwe.

Amdala a ku Katete: Amayi, pamenepo mwalasa. Mphwanga wa ku Kapata, mchira uja ndinakuuza ndi wa pamene abusa akupemphera ndipo chord ikukhalitsa. Kwaya ikayamba, chepetsa feedback ya delay itsale kubwereza kamodzi kapena kawiri, reverb uifupikitse. Sunga mu Zoom ma patch, ndiye kuti makonzedwe a mawu, awiri oyandikana, lina la pemphero lina la nyimbo, uzisintha ndi phazi.

Za kugwira noti zochepa, yesa ichi mu kiyi ya G. Chala chachinayi ndi kachala kakang'ono uziike pa freti yachitatu ya nsambo ziwiri zing'onozing'ono, pamenepo pali D ndi G. Usazichotse. G, C, E minor, ngakhale D, zonse zimalola noti ziwirizo kukhalapo, iwe uzingosintha ya pansi. Usakwapule, tsina nsambo zitatu pamodzi ndi zala. Pa D, ngati a soprano ali pa F sharp, masula kachala katsike pa freti yachiwiri kuti musagundane. Bass usamulowerere, nsambo ziwiri zazikulu uzisiye, ndi munda wa mnzako.

Chimodzimodzi ukasankha mawu a lipenga. Woliza lipenga amapuma, ali ndi mapapo. Ukaliza mzere wautali osadukiza, aliyense adziwa kuti ndi bodza. Imba mzerewo ndi pakamwa uku ukuliza. Pamene mpweya wakuthera, dzanja liimenso. Ndipo pa organ kapena piano usakoke nsambo, kiyibodi ilibe bend pa chala.

Studio Lundazi: Pa MIDI bend imathekanso, bola pitch bend range, mlingo wa kukoka noti, ya synth ifanane ndi ya chotumiza MIDI. Zikasiyana mukoka theka la noti, synth ipita kwina. Koma pa piano ndi bwino kungoizimitsa, amdala akamba zoona.

Lead wa Kapata: Ndalemba zonse. Funso lina, ndikaika fuzz ndi octave pakubwera "mmmm" wamphamvu ngakhale sindikuliza, makamaka tikakhala pa jenereta malaiti akapita.

Wokonza Maampu: Ameneyo ndi 50 Hz ya magetsi athu, pickup za single coil za Strat zimamutola, fuzz n'kumukuza. Octave nayo imamuyesa noti n'kuyamba kumutsatira. Yesani switch pa malo achiwiri kapena achinayi, pamene pickup ziwiri zimagwira pamodzi. Pa magitala ambiri phokoso limafafanizika pamenepo. Ikani ZNR, noise gate ya Zoom yotseka phokoso mukasiya kuliza, patsogolo. Musaime pafupi ndi ampu kapena inverter, ndipo tembenukani pang'onopang'ono muli ndi gitala, mupeza mbali imene phokoso limachepa. Chabwino koposa, Zoom yanu imayenda ndi mabatire anayi a AA kapena power bank pa USB. Ichotseni pa jenereta, theka la vuto latha.

Ndipo poti takamba za magetsi, nonse amene mukuganiza zogula mapedo mumve ichi. A Boss ndi ambiri otere amafuna 9V DC, pakati pa pulagi pakhale negative. Ma adapta a rauta ndi a decoder amene ali mbwee m'nyumba zathu kawirikawiri ndi 12V, pakati positive, koma kamutu kake kamalowa bwinobwino. Mapedo amene amafika pa tebulo langa atafa, ambiri anafa imfa imeneyo. Yang'anani kachithunzi kali pa adapta musanalowetse. Mapedo a synth amadyanso magetsi ambiri kuposa overdrive, batire ya 9V siichedwa kutha, ndipo mukawamanga pa adapta imodzi ndi anzawo nthawi zina amalira kamluzu.

Mlongo wa ku Mchini: Mawaya adzimbiri nawonso. Nyengo ya mvula ikatha ndimaona SY-1 ikuyamba kunjenjemera pa noti zazitali, ndikasintha mawaya imakhazikika. Ndipo intonation ikhale yolondola, noti isaphonye pa freti ya 12, chifukwa pad imagwira noti nthawi yaitali, kuphonya pang'ono kumamveka.

A Lead, ngati mumayeserera Loweruka masana ndingabwere nayo ku Kapata muiyese pa mikisa yanu musanaganize zoitanitsa. Adapta ndibwera ndi yanga, ya wina aliyense siyikhudza.

Lead wa Kapata: Zikomo kwambiri alongo, ndakulemberani ku inbox. Amayi a kwaya, nanunso mubwere mudzatiweruze.

Mayi wa Kwaya: Ndibwera ndi a alto awiri. Akasochera, mudziwa.

Bass ya Petauke: Alongo a ku Mchini, ndamva kuti kumbuyo kwa SY-1 kuli ka switch ka Guitar ndi Bass. Zoona? Chifukwa ngati kuchedwa kulibe, ine ndifuna ndiyese synth bass pa kalindula, pa ukwati wina mwezi wamawa.

Mlongo wa ku Mchini: Kalipo. Koma pa bass sindinakayesepo, bwerani nayo Loweruka ngati mupeza basi yam'mawa.

Amdala a ku Katete: Pa kalindula? Iwe mwana, bass ya kalindula ndi zala ndi nsambo, "twa" yemwe uja tamubisa pa pemphero ndiye amavinitsa anthu pamenepo. Ukamuchotsa azivina chiyani?

Bass ya Petauke: Amdala, pali knob ya direct, mawu a bass yeniyeni amatsala, synth imangokhala pansi pake.

Amdala a ku Katete: Kayese, utitumizire vidiyo. Koma uyambe ndi nyimbo ya pakati, osati yolowera akwati.